Zitsulo ziwiri, lata limodzi: ntchito yomwe yaimitsa mitu akatswiri

Pa galaja ina ya pansi pa mtengo ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, paima BMW yakuda, boneti ili yasaa. Mnyamata wophunzira umakaniko wagwetsera bawuti kunsi kwa injini, ndipo akulisakasaka ndi kandodo kokhala ndi maginito kunsonga.

Walipeza. Koma bawutilo likukana kukwera.

Akaligunda likungogubuduzika. Kenako mnyamatayo akugona chagada pa katoni, kupisa dzanja n'kulitulutsa. Mutu wake ndi wopakidwa penti ya buluu, ndipo likupepuka modabwitsa, ngati m'kati mwake mulibe kanthu.

Mkulu wa pagalajapo sakudabwa. Akungomulozera chitini cha zitsulo zakutha. Bawuti limeneli ndi la aluminiyamu, n'chifukwa chake maginito sakuligwira. Likamangidwa kamodzi limatamuka, ndipo malangizo a opanga galimotoyi amati likamasulidwa paikidwe latsopano.

Mwini galimoto, yemwe wakhala pa tayala lakutha kudikira, sizikumulowa m'mutu. Mumsika mabawuti achitsulo ali mbwee, otsika mtengo. Bwanji osangomangapo amenewo?

Yankho lili m'thupi la injiniyo.

Injini imeneyi, yomwe amaitcha N52, inatuluka m'chaka cha 2004. Buloko yake si ya chitsulo chimodzi ayi. Ku fakitale ya BMW ya ku Landshut, m'dziko la Germany, ankayamba aumba mtima wa injini ndi aluminiyamu wosakaniza ndi silikoni. M'menemo ndi momwe mumayenda mapisitoni ndi madzi oziziritsa. Akatero ankaika mtimawo m'chikombole china n'kuthira maginiziyamu wosungunuka mouzungulira. Zikazizira, zitsulo ziwirizo zinkatuluka zitagwirana kukhala buloko imodzi, yomwe kampaniyo inati ndi yopepuka ndi maperesenti 24 poyerekeza ndi ya aluminiyamu yekhayekha.

Tsono maginiziyamu sagwirizana ndi chitsulo wamba. Zikakhudzana pamalo a chinyezi, maginiziyamu amadyeka. Bawuti lotsika mtengo lija likanayamba kudya buloko yomwe laikidwa kuti ligwire.

Zopepuka, koma za makani

Mutatenga botolo la lita imodzi n'kudzazamo chitsulo wamba, lingalemere makilogalamu pafupifupi 7.8. La aluminiyamu lingalemere 2.7. La maginiziyamu, 1.74 basi.

Pa zitsulo zonse zomwe anthu amamangira zinthu zonyamula katundu, palibe chopepuka kuposa maginiziyamu. Opanga magalimoto ndi ndege amamusirira pa chifukwa chimenechi. Unduna woona za mphamvu ku America umati galimoto ikapepuka ndi maperesenti 10, mafuta amapulumuka ndi maperesenti 6 mpaka 8. Kwa galimoto yoyendera magetsi, yomwe batire lokha limalemera makilogalamu mazanamazana, kilogalamu iliyonse yochotsedwa ndi mtunda woonjezera.

Si chitsulo chachilendo. Humphry Davy wa ku England anachipatula koyamba mu 1808. Galimoto ya Volkswagen Beetle, yomwe achikulire amaikumbuka bwino, inkanyamula maginiziyamu wokwana makilogalamu pafupifupi 20 mu injini ndi mu giyabokosi.

Koma maginiziyamu ali ndi makhalidwe omwe amabweza anthu m'mbuyo.

Amadyeka msanga. Amene ali ndi giza m'nyumba mwina sadziwa kuti m'magiza ambiri muli ndodo ya maginiziyamu yomwe ntchito yake n'kudyeka basi, kuti dzimbiri lithere pa iyo m'malo moboola thanki. Chitsulo chomwe chimalembedwa ntchito yodyeka n'chovuta kuchikhulupirira pa chitseko cha galimoto yoyenda m'matope a dzinja.

Sapindika akakhala wozizira. Maatomu a aluminiyamu anasanjana mwa njira yoti amatha kutsetsereka mbali zambiri, n'chifukwa chake wosula zidebe amamupinda ndi hamala mmene akufunira. A maginiziyamu ali ndi njira zochepa zotsetserekera. Ukamukakamiza, amang'aluka. Njira zina zimatseguka pokhapokha atatenthedwa kupitirira madigiri 200.

Ndiye pali nkhani ya moto. Pa 11 June 1955, pa mpikisano wa magalimoto wa ku Le Mans, m'dziko la France, Mercedes-Benz 300 SLR yoyendetsedwa ndi Pierre Levegh inauluka n'kuphwanyikira m'khamu la oonerera. Anthu oposa 80 anafa, ambiri mwa iwo chifukwa chomenyedwa ndi zidutswa za galimotoyo. Bodi yake inali ya maginiziyamu, ndipo ozimitsa moto atathira madzi, motowo unachita kukolera. Kunena zoona, chigamphu chachikulu cha maginiziyamu sichiyaka wamba. Choopsa ndi fumbi lake, tizidutswa topalidwa ndi malata opyapyala kwambiri. Komabe mbiri ya tsiku limenelo inamumatirira.

Aluminiyamu ali ndi zomwe mnzakeyu akusowa. Akangokhudzana ndi mpweya amadzikutira ndi kakhungu kosaoneka ndi maso komwe kamamuteteza. Amapindika mosavuta. Nzeru yomwe inabwera ndi yosavuta kuimva: ikani maginiziyamu pakati kuti apepuze, aluminiyamu pamwamba ndi pansi kuti ateteze.

Kusanjikiza zitsulo sikunayambe lero. Mu 1927 kampani ya Alcoa inatulutsa malata a ndege otchedwa Alclad, a aluminiyamu wolimba m'kati ndi aluminiyamu weniweni, wosadyeka, kunja. Kuyambira 1965, ndalama zachitsulo za ku America za masenti 10 ndi 25 ndi zosanjikiza, ndipo mukaziyang'ana m'mphepete mumaona mzere wofiirira wa kopa pakati.

Zimenezo zinatheka. Za maginiziyamu ndi aluminiyamu ndiye zavuta.

M'chipinda chopsinjira

Ntchitoyi imachitika kwambiri m'mayunivesite a ku China, makamaka ku Taiyuan ndi ku Chongqing, komanso ku Germany, Japan ndi South Korea. Kachitidwe kake n'kofanana pafupifupi paliponse.

Patebulo pamakhala malata atatu. La pakati nthawi zambiri ndi la maginiziyamu wotchedwa AZ31, yemwe muli maperesenti 3 a aluminiyamu ndi peresenti imodzi ya zinki. Awiri enawo ndi a aluminiyamu, opyapyala.

Choyamba n'kutsuka. Amapukuta ndi asetoni kuchotsa mafuta, ngakhale a zala za munthu. Kenako amatenga bulashi ya waya yozungulira n'kukwecha mbali zomwe zikakhudzane mpaka zichite timizere. Apa sachedwa, chifukwa kakhungu koteteza aluminiyamu kaja kamayamba kubwerera nthawi yomweyo. Kakhungu kameneka ndi komwe kamateteza lata likakhala kunja, ndi komwenso kamaletsa zitsulo kugwirana.

Amasanjikiza malatawo n'kuwamanga kumutu ndi maliveti kapena waya kuti asasemphane. Amawalowetsa mu ng'anjo yamagetsi yotentha madigiri 300 mpaka 400 kwa mphindi zingapo.

Akatsegula ng'anjo, ndi liwiro.

Wina amagwira malatawo ndi mbano n'kuthamanga nawo ku makina opsinjira, omwe ndi migolo iwiri yachitsulo yozungulira moyang'anizana. Malata opyapyala amazizira pa masekondi ochepa, ndipo akazizira maginiziyamu amang'aluka m'mbali. Migoloyo ikaluma kumutu, chimamveka chiphokoso cha makina olemedwa, kenako mbali inayo kumatuluka lata limodzi lalitali, lomwe kuchindikala kwake kwatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso theka.

Palibe guluu. Palibe chomwe chasungunuka.

Chomwe chachitika n'chakuti pamene malata amatambasuka, kakhungu kouma ka pamwamba sikanathe kutambasuka nawo, ndiye kanang'ambikang'ambika. M'ming'alumo munatulukira chitsulo chatsopano, chosakhudzidwa ndi mpweya, kuchokera mbali zonse ziwiri. Maatomu a zitsulo ziwirizi atayandikana mokwanira, anagwirana okha. Kupsinja kukachepa, ming'alu imakhala yochepa, ndipo malata amasendeka ndi manja. Kukachuluka, maginiziyamu amasweka.

Nthawi zambiri lata lotulukalo limakhala lokhota. Zitsulo ziwirizi sizitambasuka mofanana, sizifupikanso mofanana zikamazizira, choncho chilichonse chimakokera kwake.

Pomwe pagona nkhani

Lata lochoka m'makina limakhala louma ndi lokakamala. Kuti lifewe komanso kuti mgwirizano ulimbe, amalibwezera mu ng'anjo.

Vuto lenileni limayambira apa.

Kukatentha, maatomu amayamba kuyenda. A maginiziyamu amalowerera mwa aluminiyamu, a aluminiyamu amalowerera mwa maginiziyamu. Kuyenda pang'ono n'kwabwino, chifukwa kumasoka malirewo. Koma akachuluka, maatomuwo amapanga zinthu ziwiri zatsopano zomwe si maginiziyamu, si aluminiyamu. Cha ku mbali ya maginiziyamu amachilemba kuti Mg17Al12, kutanthauza maatomu 17 a maginiziyamu pa maatomu 12 a aluminiyamu. Cha ku mbali inayo ndi Al3Mg2.

Zonse ziwiri n'zolimba kuposa zitsulo zomwe zachokerako, koma sizipindika ngakhale pang'ono. Zimasweka ngati phale.

Pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, zimaoneka ngati timizere tiwiri totuwa pakati pa zitsulozo. Tsitsi la munthu limachindikala pafupifupi mamaikuloni 70, ndipo maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Timizereti tikakhala ta mamaikuloni ochepa chabe, lata limapirira. Tikafika makumi angapo, ukangolipinda mng'alu umathamanga motsatira mzerewo, ndipo aluminiyamu amasendeka. Lata la mita yathunthu limafa chifukwa cha kanthu kosafika pa tsitsi limodzi.

Kukula kwa timizereti kuli ndi lamulo lake. Nthawi ya mu ng'anjo ikawirikiza kanayi, kuchindikala kumawirikiza kawiri. Koma kutentha ndiye kumafulumizitsa zinthu kwambiri. Cha m'ma madigiri 200 timizereti sitioneka kwenikweni. Kupitirira 300 timakula mofulumira. Mpata woti lata lifewe koma lisaonongeke ndi wochepa, ndipo kafukufuku wambiri wa zaka zapitazi wakhala wofunafuna mpata umenewu pa mtundu uliwonse wa aluminiyamu ndi maginiziyamu.

Palinso msampha wina. Maginiziyamu payekha amasungunuka pa madigiri 650. Aluminiyamu payekha, 660. Munthu angaganize kuti pa madigiri 450 zonse zili bwino. Ayi. Pamene zitsulo ziwirizi zakhudzana n'kusakanikirana, kusungunuka kumayamba pa madigiri 437 okha. Ng'anjo ikangopitirira pang'ono, malata amaoneka abwinobwino kunja pamene m'kati mwasungunuka.

Ichi n'chifukwa chake owotcherera sangathandize. Moto wa welodingi umasungunula zitsulo zonse ziwiri n'kuzisakaniza, ndipo msoko wonse umadzaza ndi zinthu zosweka zija. Nthawi zina umang'aluka wokha ukungozizira.

Njira zozembera

Popeza mdani ndi kutentha kophatikiza nthawi, ena anaganiza zochotsa nthawiyo.

Amaika lata la aluminiyamu pamwamba pa la maginiziyamu, pakati n'kusiya kampata kochepa. Pamwamba penipeni amayala onga wophulitsira miyala, n'kuyatsa kumbali imodzi. Kuphulikako kumathamanga makilomita awiri kapena atatu pa sekondi, kukumenyetsa lata lapamwamba pa lapansi. Pomwe akumenyanapo pamathuvuka kamtsinje ka chitsulo komwe kamasesa litsiro ndi kakhungu konse. Zonse zimatha munthu asanaphethire, ndipo malire a zitsulozo amatuluka ali ndi timafunde tolumana. Njirayi inakhazikitsidwa ndi akatswiri a kampani ya DuPont ku America, omwe anapatsidwa chiphaso cha umwini wake mu 1964. Imagwira ntchito, koma imafuna malo akutali ndi anthu, ziphaso za onga, ndipo sungaiike pakati pa fakitale.

Ku yunivesite ya Osaka, m'dziko la Japan, Yoshihiro Saito, Nobuhiro Tsuji ndi anzawo analengeza njira ina mu 1998. Amapsinja malata awiri mpaka kuchindikala kutsike ndi theka, kudula pakati, kukwecha, kusanjikiza, n'kupsinjanso. Ulendo uliwonse misanjo imawirikiza: 2, 4, 8, 16. Pofika ulendo wa 10 imakhala 1,024. Chitsulo chotere chimalimba kwambiri. Koma pa maginiziyamu ndi aluminiyamu, pakangopita maulendo ochepa misanjo ya chitsulo chouma kwambiri imayamba kuduka n'kusanduka tizilumba toyandama mwa chinzake.

A ku Taiyuan anasintha migolo yeniyeniyo. Woyamba anaupanga wa mizeremizere, kuti lata lituluke lamafunde ndipo kakhungu kang'ambike kwambiri. Wachiwiri, wosalala, umaliwongola. Ku Chemnitz, m'dziko la Germany, anayesa kukankha ndodo ya maginiziyamu yovekedwa paipi ya aluminiyamu kudzera pa bowo lopapatiza kuti zituluke zitagwirana. Enanso amalowetsa kapepala ka chitsulo chachitatu pakati, monga zinki, nikelo kapena siliva, kuti awiriwa asakhudzane mwachindunji. Kapepalako kamathandiza, koma kamakweza mtengo.

Kumata ndi theka chabe la ntchito

Lata lowongoka silinakhale chitseko. Liyenera kulowa m'chikombole, kupsinjidwa n'kutuluka ndi makona ndi mapindiko.

Apanso kutentha kukufunika, chifukwa maginiziyamu wa pakati sapindika ali wozizira. Chikombole chimatenthedwa, nthawi zambiri pakati pa madigiri 150 ndi 250. Fakitale yozolowera kudinda malata achitsulo ozizira, limodzi pa masekondi ochepa, iyenera kugula zikombole zotenthetsa, mafuta opirira moto, n'kuchepetsa liwiro. Ndipo mphindi iliyonse yomwe lata lakhala pa moto, timizere tija tikukula.

Ubwino ulipo. Khungu la aluminiyamu limagwira maginiziyamu kuti ming'alu isayambire pamwamba, choncho lata losanjikiza limatha kupindika kuposa la maginiziyamu yekha.

Koma pali m'mphepete. Paliponse pomwe lata ladulidwa kapena kubooledwa, maginiziyamu amaonekera, ali phewa ndi phewa ndi aluminiyamu. Madzi a mchere akafikapo, maginiziyamu amadyeka msanga kuposa mmene akanadyekera ali yekha. Chitseko cha galimoto chili ndi mabowo ambirimbiri, ndipo lililonse liyenera kutsekedwa bwino.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti nkhani za m'mayunivesite zimathamanga kuposa za m'mafakitale. Kumata malata awiriwa pa kachidutswa ka m'manja kunatheka kale. Kumata makilomita a lata, tsiku ndi tsiku, mosasintha, pa mtengo womwe wogula galimoto angaupirire, ndi nkhani ina. Makampani omwe aikapo malata a maginiziyamu pa magalimoto, monga Renault Samsung kuseri kwa mpando wakumbuyo wa SM7 mu 2014 ndi Porsche padenga la 911 GT3 RS mu 2015, anagwiritsa ntchito maginiziyamu wotetezedwa ndi mankhwala ndi penti. BMW nayonso, itayamba kupanga injini za turbo zamphamvu kwambiri, inabwerera ku buloko ya aluminiyamu, ndipo N52 inasiya kupangidwa mu 2015.

Mwini chitsulo ndi mmodzi

Chinanso chomwe chimachititsa makampani kuzengereza ndi komwe maginiziyamu amachokera.

Dziko lonse limapanga matani pafupifupi 1 miliyoni a maginiziyamu pa chaka, pomwe aluminiyamu amafika cha m'ma 70 miliyoni. Mwa maginiziyamu ameneyu, oposa maperesenti 80 amachokera ku China, ndipo gawo lalikulu ndi la boma limodzi la Fugu, ku Yulin, m'chigawo cha Shaanxi. Kumeneko amawotcha mwala wa dolomaiti pa njira yomwe anaitulukira Lloyd Pidgeon wa ku Canada m'zaka za m'ma 1940, njira yodya malasha ndi magetsi ochuluka.

Mu September 2021, akuluakulu a ku Yulin analamula mafakitale ambiri kuti aime kapena achepetse ntchito pofuna kupulumutsa magetsi. Pa masabata ochepa mtengo unakwera kwambiri. Mayiko a ku Ulaya, omwe ankagula maperesenti 95 a maginiziyamu wawo ku China, anagwidwa njakata, chifukwa ngakhale aluminiyamu wa zitini za zakumwa ndi wa mabodi a magalimoto amafuna maginiziyamu pang'ono kuti alimbe. N'zosadabwitsa kuti kafukufuku wambiri wa malata osanjikizawa akuchitikira ku China komweko. Amene ali ndi chitsulo ndiye akufunitsitsa kuchipezera msika.

Chikafika kwathu

Kuno sitipanga chilichonse mwa zimenezi. Mwala wa aluminiyamu uli pa Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, koma sunakumbidwepo. Fakitale ya Mozal, pafupi ndi Maputo ku Mozambique, inayamba kusungunula aluminiyamu mu 2000, ndipo zipangizo zake inkaitanitsa ku Australia.

Zitsulozi zimatipeza kumapeto kwa moyo wake. Zimabwera m'magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa, ndipo zikatopa zimathera kwa ogula zitsulo zakutha, kenako kwa oumba mapoto omwe amasungunula aluminiyamu pa moto wamakala n'kuthira m'zikombole za mchenga.

Kwa anthu amenewa nkhaniyi si ya kutali. Maginiziyamu ndi aluminiyamu akakalamba amafanana maonekedwe, onse otuwa. Koma mafelemu a ziwongolero za magalimoto ambiri, zivundikiro zina za injini, magiyabokosi ena, mabodi a malaputopu ena ndi a makina ochekera mitengo ndi a maginiziyamu. Buloko ya N52 ili ndi zonse ziwiri m'chigamphu chimodzi. Chidutswa chotere chikalowa mumphika wosungunulira, chimatha kuyaka ndi moto woyera wothobwa m'maso, ndipo poto wotuluka mu aluminiyamu wochuluka maginiziyamu amakhala wosachedwa kusweka.

Kusiyanitsa n'kosavuta ndipo sikufuna ndalama zambiri. Palani chitsulocho ndi mpeni kapena fayilo mpaka chiwale, n'kudonthezapo viniga. Aluminiyamu sachita kanthu. Maginiziyamu amachita thovu nthawi yomweyo.

Inu a m'magalaja, owotcherera ndi oumba mapoto, chikachita thovu chiikeni padera, ndipo fumbi lake musalisiye pafupi ndi galainda kapena moto wa welodingi. Chikayaka, musayang'ane motowo mwachindunji, musathire madzi, ndipo botolo lozimitsira moto la mpweya wa kaboni dayokisaidi nalonso silithandiza, chifukwa maginiziyamu amayakabe mumpweya umenewo. Khalani ndi ndowa ya mchenga wouma pafupi, ndipo moto wotere muziukwirira ndi mchengawo.